Kodi mumadziwa? Bere la mayi amene wangochira kumene

Kodi mumadziwa kuti kuyamwitsa sikuyenera kupweteka? Zilonda za kunsonga ya bere nthawi zambiri zimayamba pamene mwana akuyamwa nsonga yokhayo. Khanda liyasamule kwambiri, chibwano chake chigunde bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yaikulu ya pakuda pozungulira nsonga ilowe m'kamwa. Zimenezi n'zophunzira, makamaka kwa mayi wa mwana woyamba. Choncho mayi amene wachilira pachipatala cha Chileka, cha Lirangwe kapena ku Mlambe pa Lunzu asamange katundu mzamba asanamuone akuyamwitsa. Manyazi a mphindi zochepa amabala ululu wa masabata.

Kodi mumadziwa kuti sopo amaumitsa nsonga ya bere? Timatuza ta pakuda paja timatulutsa mafuta oteteza khungu, ndiye madzi oyera posamba akwanira. Nsonga ikang'aluka, pakanipo timadontho ta mkaka wanu womwe, paume ndi mphepo.

Nanga zoti mkaka woyamba wachikasu uja si woipa? Ndiwo umapatsa mwana chitetezo ku matenda, n'chifukwa chake ayenera kuikidwa kubere ola loyamba lisanathe. Agogo ndi apongozi, musaufinyire pansi.

Kodi mumadziwa kuti pakati pa tsiku la 3 ndi la 5 mwana atabadwa mkaka umabwera wambiri, mabere n'kulimba gwa? Mankhwala ake ndi mwanayo: ayamwe ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Ngati akulephera kugwira, finyani pang'ono ndi manja osamba bwino kuti pafewe. Ndipo mkaka susasa m'bere ngakhale mutaswera kumsika wa Lirangwe, mukangofika, muyamwitseni.

Koma bere likatupa, kutentha ndi kuwawa, thupi n'kumazizidwa ngati malungo, musadikire tsiku la sikelo. Kuchedwa kumabweretsa chithupsa chofunika kutumbula, mwina mpaka kuchipatala cha Queen Elizabeth m'tauni. Kuyamwitsa kumapitirira, kupatula kwa mayi amene ali ndi HIV: iye afinye n'kutaya mkaka wa bere lodwalalo, mwana ayamwe linalo, ma ARV osadumphitsa. Dziko la Malawi ndilo linayamba, mu 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa onse opezeka ndi kachilomboka.

Kodi mumadziwa kuti tinabwerera m'mbuyo? Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 71 mwa 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, koma wa 2015-16 anapeza 61. Mayi amene bere likumupweteka sachedwa kutakasira khanda phala, ndipo apa m'pamene chisamaliro cha bere chimasanduka nkhani ya moyo wa mwana.

Bambo, gwirani ntchito zina za pakhomo kuti mayi apume, adye, ayamwitse. Ndipo inu mayi, kambulu kalikonse m'bere kamene sikakuchoka mwana akayamwa, kakaonetseni kwa namwino msanga.