Njinga ikakana kukhota, funsani matayala ndi mashoko

Tsiku la msika pa Lizulu m'boma la Ntcheu, njinga zamoto za kabaza zimayamba kufika kusanache. Ina yasenza matumba atatu a mbatatesi, ina bambo ndi mayi wobereka mwana, inanso kabichi womangidwa ndi malamba a mphira mpaka woyendetsa wakhalira pathanki. Pobwerera kumudzi, njinga yomweyo imauluka ilibe kanthu.

Ngozi ikachitika, anthu amathamangira kutchula liwiro, mowa kapena kusowa kwa laisensi. Izi n'zoona, koma alipo ambiri omwe adagonapo m'chipatala cha Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth atathyoka mwendo pomwe woyendetsa adali asadalawe kanthu. Njinga idangokana kukhota, kapena idaterereka pamalo pomwe anzake amadutsa bwinobwino. Apa mpofunika kuyang'ana matayala ndi mashoko.

Malo omwe tayala la njinga limagunda pansi sakwana n'chikhatho cha dzanja chomwe. Kukhota, kuima komanso kukwera chitunda, zonse zimadalira timalo tiwiri timeneti.

Tayala la galimoto ndi lafulati, pomwe la njinga ndi lobulungira kaamba koti njinga imakhota popendekeka. Ikamayenda kwambiri pamsewu wa phula ngati wa M1, tayala lakumbuyo limadyeka pakati mpaka kusanduka lafulati, m'mbali muli mano onse. Mwini wake akaona mano a m'mbaliwo amati tayala likadalipo. Koma pakona njinga yotere imayamba yalimba, kukana kupendekeka, kenako n'kugwera mbali mwadzidzidzi. Woyendetsa wozolowera amalimbana nayo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akulimbana ndi tayala.

Mtundu wa mano nawo uli ndi ntchito yake. Tayala la mano akuluakulu otalikirana limaluma bwino m'matope ndi mumchenga, koma paphula limagwira pang'ono, makamaka mvula ikagwa, ndipo limatha msanga. La mizere ing'onoing'ono limamatirira paphula, koma likalowa m'dothi lamakande mizereyo imadzaza ndipo limasanduka ngati sopo. Wakabaza yemwe amayenda theka paphula theka kufumbi amayenera kusankha la pakatikati. Choopsa ndi kuika la mano akuluakulu kumbuyo, kutsogolo kuli ladazi, chifukwa tayala lakumbuyo likaterereka munthu amatha kuiwongola njinga, koma lakutsogolo likaterereka umangozindikira uli pansi.

Mvula yoyamba ya mu Novembala ndiyo imaulula matayala adazi. Imafukula oyilo ndi fumbi zomwe zakhala paphula chilimwe chonse, ndipo tayala lopanda mizere lilibe pothawitsira madzi.

Nkhani ya mpweya ndiyo imandidabwitsa. Tayala lopopa lidatchuka kuyambira mu 1888 pomwe John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, adalipangira kanjinga ka mwana wake, koma mpaka lero ambiri kuno timayeza mpweya pofinya ndi chala kapena kuponda ndi phazi. Chala sichingasiyanitse 20 psi ndi 30 psi. Njinga zambiri za 100cc mpaka 150cc zimafuna mpweya wa pakati pa 25 ndi 33 psi, kutsogolo wocheperako, kumbuyo wochulukirapo ukanyamula munthu kapena katundu. Mlingo weniweni umalembedwa m'kabuku ka njinga kapena pakapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo umayezedwa ndi geji m'mawa tayala lisanatenthe.

Mpweya ukachepa, mahandulo amalemera, tayala limatentha ndipo likamenya dzenje rimu imatsina chubu. Ukachulukitsa, monga amachitira ena poti asenze matumba ambiri, njinga imadumphadumpha ndipo kamalo kogunda pansi kaja kamacheperatu.

M'mbali mwa tayala mumalembedwa zambiri zomwe ogula saziwerenga. Manambala ngati 3.00-18 amatanthauza kuti tayala ndi lotambalala mainchesi 3 ndipo limalowa parimu ya mainchesi 18. Pakalembedwa 47P, ndiye kuti tayalalo lidapangidwa kuti lisenze makilogalamu 175 basi. Tsono werengerani nokha: matumba atatu a chimanga ndi makilogalamu 150, onse ali pamwamba pa tayala lakumbuyo, kuonjezapo woyendetsa ndi njinga yomwe payokha imaposa makilogalamu 100.

Palinso manambala anayi osonyeza msinkhu wa tayala: 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira imauma ndi zaka komanso dzuwa, choncho tayala lakaunjika likhoza kukhala ndi mano onse koma lili gwa ngati chikopa chouma. Matayala ambiri alinso ndi kamuvi kosonyeza komwe liyenera kuzungulira, ndipo okonza ena akakhala pachangu amalitembenuza.

Tibwere ku mashoko. Ambiri amaganiza kuti ntchito yawo ndi yoti wokwera asamve kuwawa msana. Ntchito yaikulu ndi kukanikiza tayala kuti lisachoke pansi, pakuti tayala lomwe lili m'malere silingakhote kapena kugwira buleki. M'kati mwa shoko muli zinthu ziwiri: sipuling'i yomwe imasenza kulemera, ndi oyilo yemwe amaletsa sipuling'iyo kuti isamangovina. Oyilo akatayika, njinga ikamenya bampu imapitiriza kudumpha kawiri katatu. Pamsewu wafumbi wamabampu ang'onoang'ono otsatizana, njinga yotere imayenda ngati ikuyandama.

Kutsogolo, mukaona foloko yanyowa oyilo ndipo fumbi lamatirira, dziwani kuti masilo atha. Pogwira buleki kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndipo foloko yopanda oyilo imatitimira mpaka kugunda. Oyiloyo akatsikira kubuleki ndiye mavuto aphatikizana.

Kumbuyo, njinga zambiri za mashoko awiri zili ndi kamkombero ka masitepe, kawirikawiri asanu, kolimbitsira kapena kufewetsera sipuling'i. Amazunguza ndi kasipanala kokhota komwe kamabwera ndi njinga ikakhala yatsopano, koma alipo akabaza omwe njinga imafika pokalamba asanakakhudzepo. Lamulo lomwe amakaniko amatsata ndi loti anthu akakwera, shoko itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda womwe imatha kuyenda. Mbali zonse ziwiri zikhale pasitepe imodzi, apo ayi njinga imagwedezeka pakona.

Shoko ikatitimira yonse ndi katundu, kumbuyo kumatsika, kutsogolo n'kupepuka. Mahandulo amayamba kunjenjemera, tayala lakutsogolo limangokhudza pansi pang'ono, ndipo usiku nyali imaloza m'mitengo n'kumathobwa obwera kutsogolo. Kaliyala wowotcherera wotalika kupitirira tayala lakumbuyo amaonjezera vutoli chifukwa katundu amakhala ngati mwana wolemera pakatungwe. Ena amathana nazo poikirira mashoko ena awiri. Njinga imasenzadi, koma ikatsitsa katundu imauma ngati ngolo, ndipo ndi paulendo wobwerera uja, wopanda kanthu, pomwe woyendetsa amathamanga kwambiri.

Inu amayi ndi abambo okwera kabaza simungayende ndi geji m'thumba, koma maso muli nawo. Musanakwere, yang'anani ngati tayala lakutsogolo lili ndi mizere, ngati m'mbali mwake mulibe ming'alu, ndiponso ngati foloko siyonyowa. Mukakhala pampando n'kumva shoko yagunda pansi njinga isananyamuke n'komwe, tsikani. Pasiteji pamakhala njinga zambiri, ndipo mtengo wopita kumudzi ndi womwewo.