Uthenga Ufike kwa Aliyense

Pa 8 Malichi 1992, kalata ya Aepiskopi athu inaŵerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'Malaŵi monse tsiku limodzi. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalaŵi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Apa tikuphunzirapo kuti uthenga ukafika kwa anthu onse pa nthaŵi yake, umasintha zinthu.

Gawo 37 la Malamulo a dziko lino limatipatsa ufulu wodziŵa nkhani zimene boma likusunga. Koma ufuluwu umafera m'njira ngati zolengeza za msonkhano wa chitukuko, kalembera wa zisankho kapena tsiku la katemera zikungofika kwa anthu ochepa. Munthu amene sanamve za msonkhano, anzake amamugamulira zinthu iye kulibe.

Kodi tisankhe njira iti?

Boma lathu la Neno, limene linapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003, lili ndi midzi ya kumapiri monga kwa Dambe ndi ku Nsambe, ndiponso ya kuchigwa monga ku Lisungwi ndi ku Zalewa. Njira yothandiza uku ikhoza kulephera uko. Tiyeni tiziyeze.

1. Kulengeza m'tchalitchi. Sikulira ndalama, ndipo osadziŵa kuŵerenga amamva nawo. Koma odwala ndi okalamba otsala kunyumba samva.

2. Kalata yodzera kwa amfumu kapena ku mphakati. Imasungika, sisintha mawu. Koma m'dzinja mitsinje ikadzaza imachedwa.

3. Uthenga wa SMS. Umafika pa foni iliyonse, ngakhale yotsika mtengo. Umafuna netiweki ndi foni yokhala ndi moto.

4. WhatsApp. Imatumiza mawu ndi zithunzi msanga, koma imafuna foni yodula ndi ndalama za intaneti. Mphekesera nazonso zimathamanga momwemo.

5. Wailesi. Imafika kutali, koma amene anali kumunda nthaŵi yolengeza, zamupita.

Tikuona kuti njira iliyonse ili ndi munthu amene imamusiya. Mutu umodzi susenza denga: tiphatikize njira ziŵiri kapena zitatu.

Zoyenera kuchita

Tisankhe mlembi mmodzi wotumiza zolengeza, ndi womuthandiza akadwala. Tikhazikitse tsiku lodziŵika, monga Lamulungu loyamba la mwezi. Uthenga ukhale waufupi, wonena chochitika, malo, tsiku, nthaŵi ndi amene wautumiza. Amene ali ndi foni auze mabanja oyandikana nawo. Nambala za anthu tisazipereke kwa andale kapena amalonda eni ake asanavomere.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Ndi msonkhano uti umene tinaumva utapita kale? Chinalakwika n'chiyani?
2. M'mudzi mwathu ndani amamva zinthu mochedwa?
3. Ndani pakati pathu adziperekere kumakamuuza?