Mbale za Nyimbo za Classical: Zoyambirira, Zodindidwanso ndi Chimene Chimazipatsa Mtengo

Nyimbo za classical, zomwe ndi nyimbo zolembedwa papepala ndi opeka monga Bach, Beethoven ndi Tchaikovsky kuti ziziimbidwa ndi gulu lalikulu la zida lotchedwa orchestra kapena ndi munthu mmodzi pa piyano ngakhale vayolini, ndizo zinapindula kwambiri ndi kubwera kwa mbale ya pulasitiki ya vinyl. Mbale zakale za galamafoni, zomwe zinkazungulira maulendo 78 pamphindi, zinkatenga mphindi zinayi kapena zisanu zokha mbali imodzi, kotero kuti symphony, nyimbo yaitali ya orchestra yomwe imatha kupitirira theka la ola, inkadulidwa zidutswazidutswa pa mbale zingapo. Mu 1948 kampani ya Columbia ya ku America inatulutsa mbale ya LP, yozungulira maulendo 33 ndi pang'ono pamphindi ndiponso yotenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo yoyamba pamndandanda wake, ya nambala ML 4001, inali concerto ya vayolini ya Mendelssohn, nyimbo ya vayolini ndi orchestra, yoimbidwa ndi Nathan Milstein motsogozedwa ndi Bruno Walter.

Nyengo imene osonkhanitsa mbale amaikonda koposa ndi yoyambira 1958, pamene mbale za stereo zinafika pamsika, mpaka cha m'ma 1965. Stereo ndi njira yogawira mawu ku masipika awiri, kuti womvera azizindikira kuti mavayolini ali kumanzere, zida za mawu aakulu zili kumanja, ndipo zitoliro zili pakati chakumbuyo. Akatswiri ojambula mawu a nthawiyo ankagwiritsa ntchito maikolofoni ochepa kwambiri, ndipo ntchito yaikulu inali kupeza malo oyenera owaikapo m'holo yomveka bwino. Kampani ya Mercury, pansi pa C. Robert Fine ndi Wilma Cozart Fine, inkajambula orchestra yonse ndi maikolofoni atatu okha pa mbale zake za Living Presence. RCA inatulutsa mbale za Living Stereo, zomwe zotchuka kwambiri ndi za Fritz Reiner ndi Chicago Symphony Orchestra. Ndipo Decca ya ku Britain, yomwe inkakonda kujambulira mu Kingsway Hall ku London, inajambulanso ku Vienna opera zinayi za Ring za Wagner motsogozedwa ndi Georg Solti pakati pa 1958 ndi 1965. Mawu a pa mbale zimenezi ali ndi mpata komanso kuya kumene njira za pambuyo pake, zoika maikolofoni ambirimbiri pafupi ndi chida chilichonse, kawirikawiri zinakutaya.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mbale yodindidwa koyamba imafunidwa chotere, ayenera kudziwa m'mene mbale imapangidwira. Nyimbo zimajambulidwa pa tepi, kenako katswiri amazilemba ndi singano yakuthwa pa mbale yofewa yotchedwa lacquer, ndipo kuchokera pamenepo amaumba zikombole zachitsulo motsatizana mpaka kufika pa chidindo chomwe chimapanikiza vinyl wotentha m'fakitale. Chidindo chimatha ndi ntchito, tepi nayonso imakalamba, ndipo nthambi za kampani za m'maiko ena nthawi zambiri zinkalandira tepi yokopera m'malo mwa yeniyeniyo. Mbiri yonseyi imalembedwa m'timanambala ndi tizilembo tomwe timapezeka pamalo osalala apakati pa mzere womaliza wa nyimbo ndi pepala lapakati pa mbale. Decca inkawerenga zidindo zake ndi zilembo za dzina lakuti BUCKINGHAM, kotero kuti B ndi chidindo choyamba ndipo U ndi chachiwiri, pamene pa mbale za RCA chizindikiro cha 1S chimasonyeza lacquer yoyamba. Pepala lapakatilo nalonso limaulula zaka: mbale zoyambirira za Decca za gulu la SXL 2000 zili ndi mzere waukulu wasiliva, za Columbia ya ku Britain za gulu la SAX ndi zabuluu ndi siliva, za HMV za gulu la ASD ndi zoyera ndi golide, ndipo za Deutsche Grammophon ya ku Germany ndi zachikasu zozunguliridwa ndi timaluwa ta tulip.

Komabe mtengo wa mbale umatsata kusowa kwake kuposa kukoma kwa nyimbo zake, ndipo apa ndi pamene ambiri oyamba kumene amasokonezeka. Mbale zitatu za Columbia ya ku Britain zomwe Johanna Martzy, woimba vayolini wochokera ku Hungary, anaimbapo nyimbo za Bach za vayolini yokhayokha m'zaka za m'ma 1950 zimagulidwa ndi mapaundi zikwizikwi, makamaka chifukwa chakuti zinadindidwa zochepa. Koma ma symphony asanu ndi anayi a Beethoven omwe Herbert von Karajan anajambula ndi Berlin Philharmonic, natuluka mu 1963, anagulitsidwa ochuluka zedi, kotero kuti lero amapezeka motchipa ngakhale kuti ndi ntchito yapamwamba. Chinanso n'chakuti CD itabwera mu 1982 okonda nyimbo za classical ndiwo anafulumira kusamukirako, chifukwa inalibe kuthetheka ndipo sinkafuna kutembenuza pakati pa nyimbo, ndipo mbale zawo, zomwe ambiri ankazisamala bwino, zinadzaza m'masitolo a katundu wogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya ndi ku America. Wofufuza m'masitolo amenewa amafunika diso ndi kudekha kwa munthu wosankha pa kaunjika, ndipo wodziwa amakumbukira kuti mbale zambiri za Decca zogulitsidwa ku America pansi pa dzina la London zinkadindidwa ku England komweko, ngakhale kuti lero zimatsika mtengo poyerekeza ndi zinzake za SXL.

Vuto la mbale yakale ndi thupi lake. Nyimbo za orchestra zimatsika mpaka kunong'ona kenako n'kukwera mwamphamvu, kotero kuti kukalika kapena fumbi lomwe silingamveke m'nyimbo za rock limaononga malo achete, omwe nthawi zambiri ndiwo okoma koposa. Palinso vuto lochokera m'kapangidwe ka mbale yeniyeniyo: kumphepete mzere umadutsa pansi pa singano pa liwiro la masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma chapakati liwirolo limatsika kufika pafupifupi 20, choncho mawu amapanikizana pamalo ochepa pa nthawi yomwe symphony ikufika pachimake, zida zonse zikulira pamodzi. Mbale yomwe inaimbidwa zaka zambiri ndi singano yobuntha imaphwanya mawu pamalo amenewa ngakhale ikuoneka yonyezimira. Ogulitsa, kuphatikizapo a pa Discogs pa intaneti, amagwiritsa ntchito zizindikiro monga NM, kutanthauza yotsala pang'ono kufanana ndi yatsopano, ndi VG+, yokhala ndi tizipsera tochepa, koma ambiri amaweruza ndi maso osati ndi khutu, ndipo pa nyimbo za classical mbale yotsika kuposa VG+ kawirikawiri imakhumudwitsa. Mbale imasungidwa choimirira, kutali ndi dzuwa ndi kutentha komwe kumaipinda, ndipo yogulidwa kwa wina imayenera kutsukidwa isanaikidwe singano.

Apa ndipo pamabwera mbale zodindidwanso, zomwe zili za mitundu iwiri. Zina ndi zotchipa zomwe makampani eni ake ankatulutsa kalelo, monga Ace of Diamonds ya Decca, Victrola ya RCA ndi Classics for Pleasure, ndipo zambiri mwa izi zimamveka bwino kwambiri moti kuzinyoza n'kudzimana. Zoyenera kusamala nazo ndi zija za mono, kutanthauza za njira imodzi ya mawu, zomwe zinasinthidwa ndi makina kuti zizimveka ngati stereo. Zina ndi zamakono, zopangidwa mwaluso kuchokera ku matepi oyambirira ndi makampani monga Classic Records, Analogue Productions ya ku Salina m'chigawo cha Kansas, ndi Speakers Corner ya ku Germany. Electric Recording Company ya ku London, yomwe inadindanso mbale za Martzy zija, imagwiritsa ntchito makina akale okonzedwanso ndipo imatulutsa mbale mazana ochepa okha pa mtengo wa mapaundi mazanamazana. Mbale zatsopanozi zimakhala zachete pansi pa nyimbo, ndipo zina zimazungulira maulendo 45 pamphindi kuti mawu apeze malo okwanira, ngakhale kuti kutero kumabweza vuto lakale la kutembenuza pafupipafupi.

Kulemera kwa magalamu 180, komwe kumalembedwa monyadira pachikuto, sikunena kanthu za ubwino wa mawu, pakuti kuya kwa mzere kumachokera ku lacquer osati ku kunenepa kwa mbale. Funso lofunika ndi lakuti mbaleyo inachokera ku chiyani, inalembedwa ndi yani, ndipo inadindidwa kuti. Mu 2022 zinaululika kuti kampani ya Mobile Fidelity inkadutsitsa nyimbo zambiri m'kompyuta isanazilembe pa lacquer pamene ogula ankakhulupirira kuti zikuchokera ku tepi mwachindunji, ndipo kuyambira pamenepo ogula amafuna kuti gwero lilembedwe poyera. Palinso makampani omwe amatenga nyimbo zakale zomwe umwini wake unatha mwalamulo ku Ulaya n'kuzidinda kuchokera ku gwero losatchulidwa. Mosiyana ndi amenewa, Deutsche Grammophon inayamba mu 2023 gulu la mbale lotchedwa The Original Source, momwe akatswiri a Emil Berliner Studios ku Berlin amatenga matepi a njira zinayi a m'zaka za m'ma 1970 n'kulemba lacquer mwachindunji, mopanda tepi yokopera pakati, kotero kuti nyimbo monga symphony yachisanu ndi chiwiri ya Beethoven yotsogozedwa ndi Carlos Kleiber ili pafupi ndi tepi yoyambirira pa mbale yatsopanoyi kuposa m'mene inalili pa mbale yoyamba.