Khosi Lowawa Nthawi Yaitali: Kodi Chithandizo cha Manja N'chothandiza?

Khosi la munthu lili ndi timafupa 7 tosanjikizana. M'minofu yozungulira timafupati muli timitsempha timene timauza ubongo komwe mutu waloza, ngakhale munthu atatsinzina. Timitsempha timeneti ndi timene timathandiza mai wosenza chidebe cha malita 20 kuyenda mtunda wautali osataya madzi.

Khosi likawawa kupitirira miyezi itatu, uthenga wopita ku ubongowu umatha kusokonezeka. Ena amamva chizungulire, ena amadzandira poyenda. Kuchipatala, a mafizo amayesa motere: wodwala amatsinzina, natembenuza mutu, kenaka amayesa kubwerera pomwe anayambira. Ambiri ovutika khosi amaphonya malowo osazindikira.

Chithandizo cha manja ndiko kutikita minofu ndi kuyendetsa mfundo za khosi pang'onopang'ono. Chimachepetsa ululu, ndipo ena amayamba kuloza bwino mutu. Koma mpumulowu sukhalitsa ngati wodwala sachita yekha kunyumba mafizo amene wauzidwa. Apa mpamene ambiri timagwa ulesi.

Chenjerani abale ndi alongo: musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kupotokola khosi lanu mwamphamvu, ngakhale akhale wotchuka m'mudzi monse. M'timafupa tija mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ndipo ikavulala munthu angathe kufa ziwalo. Ngati khosi layamba kuwawa pambuyo pa ngozi, kapena manja akuchita dzanzi, kapena mukuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, pitani kuchipatala msanga. Matenda a TB amagwiranso mafupa a msana.