Mkaka Wotsala Usatayidwe: Kapangidwe ka Jele wa Yogati Yosefa

Alimi a ng'ombe za mkaka m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre amalidziwa bwino vuto la mkaka wotsala. Pali masiku amene magetsi amazima pamalo osonkhanitsira mkaka, pali masiku amene galimoto yodzatenga imachedwa, ndipo palinso mkaka wa madzulo umene mlimi amalephera kuufikitsa pa nthawi yake. Mkaka wotero ukachezera pakhomo osaphitsidwa umasasa, ndipo mathero ake amakhala kwa nkhumba kapena kudzala. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'midzi momwemo muli ana amene sakupeza zakudya zokwanira zomanga thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira.

Imodzi mwa njira zopulumutsira mkaka wotere ndiyo kuusandutsa yogati, kuisefa kuti ikhuthale, ndi kuigwiritsa ndi jelatini kuti pakhale chakudya chofewa, chozizira, chodyedwa ndi supuni pambuyo pa nsima kapena masana. Ntchitoyi siifuna makina, koma ili ndi malamulo ake amene wophika ayenera kuwamvetsa, chifukwa kuphonya limodzi lokha kumaononga mkaka wonse.

Yogati yosefa n'chiyani?

Yogati ndi mkaka umene wasasitsidwa mwadala ndi tizilombo tabwino ta mitundu iwiri, totchedwa Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus. Tizilomboti timadya shuga wachilengedwe wa mumkaka n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amachititsa kuti mapuloteni a mumkaka agwirane. Ndi chibale cha chambiko, ngakhale kuti tizilombo take ndi kutentha kumene timafuna n'zosiyana.

Yogati ikathiridwa pansalu yoyera n'kusiyidwa, madzi achikasu amadontha ndipo pamwamba pamatsala phala lolimba, losalala. M'masitolo a m'tauni yogati yotereyi imagulitsidwa m'dzina la Greek yogurt, pamene kumaiko a Aluya yosefa kwambiri imatchedwa labneh. Phindu lake lili apa: mkaka wa ng'ombe uli ndi magalamu oposa atatu pang'ono a mapuloteni pa magalamu 100 alionse, pamene yogati yosefa bwino imakhala ndi magalamu pafupifupi 9. Madzi ndiwo achoka, koma chomanga thupi chatsala. Kwa mwana wa mimba yaing'ono, kapena kwa wodwala amene safuna kudya zambiri, kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri.

Jelatini n'chiyani?

Aliyense amene adaphikapo mang'ina kapena zipalapasiro adamuona kale jelatini. Msuzi wa mang'ina ukagona n'kuzizira umagwirana n'kumanjenjemera, ndipo ukatenthetsedwa umasungunukanso. Chimene chimachititsa zimenezi ndi puloteni ya m'zikopa, m'mafupa ndi m'mitsempha ya nyama, imene imasungunukira mumsuzi pophika nthawi yaitali. Jelatini wa m'sitolo ndi chinthu chomwecho, chongoyeretsedwa, kuumitsidwa ndi kusinjidwa kukhala ufa wopanda fungo. Amasungunuka pa madigiri pafupifupi 35, kutanthauza kuti kutentha kwa m'kamwa kumakwana kumusungunula, ndipo n'chifukwa chake jele amamveka kusalala pa lilime.

Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwiratu. Choyamba, ngakhale jelatini ali puloteni, sakwanira payekha kumanga thupi chifukwa amasowa chimodzi mwa zigawo zimene thupi silingathe kudzipangira, chotchedwa tryptophan. Ntchito yake m'chakudyachi ndi kugwiritsa, pamene chomanga thupi chenicheni ndi yogati. Chachiwiri, jelatini wambiri amapangidwa kuchokera ku zikopa za nkhumba, ndipo wina ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe. Asilamu ndi ena onse amene sadya nkhumba ayenera kuwerenga papaketi ndi kusankha wokhala ndi chizindikiro cha halaal kapena wolembedwa kuti ndi wa ng'ombe. Wophikira alendo ayeneranso kuwauza chimene wagwiritsa ntchito.

Gawo loyamba: kupanga yogati

Kuti papezeke magalamu 500 a yogati yosefa, okwana makapu awiri, pamafunika mkaka wokwana lita imodzi ndi theka. Mkakawo uyenera kukhala wa tsiku lomwelo ndi wosasasa. Umene wayamba kale kununkha kapena kudukaduka sungapulumutsidwe ndi njira imeneyi.

Mkaka uyambe waphitsidwa mpaka kuwira, uku ukutakasidwa kuti usapsere pansi pa poto. Kuphitsaku sikolumpha ayi. Mkaka wosaphitsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda a brucellosis, amene amachotsa bere ng'ombe ndipo kwa anthu amayambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Kuphitsa kumathandizanso kuti yogati idzagwirane bwino.

Ukaphulidwa, mkaka usiyidwe wovundikira kufikira utatsika pa madigiri 43 mpaka 45. Popanda choyezera, wophika angadonthetse pang'ono pamkono: umveke wofunda bwino koma wosaotcha. Pamenepo athiremo masupuni aakulu atatu a yogati ya m'sitolo yopanda shuga ndi zokometsera, ndipo atakase pang'ono. Mkaka ukakhala wotentha kwambiri tizilombo tija timafa, ndipo ukakhala wozizira timagwira ntchito mochedwa, zimene zimapatsa mpata tizilombo toononga.

Poto wovundikira afunditsidwe bulangete n'kuikidwa mudengu, kapena mkakawo uthiridwe mufulasiki yoyera, ndipo usagwedezedwe kwa maola 6 mpaka 8. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: wovundukula kawirikawiri amathawitsa kutentha n'kupeza mkaka uli madzi okhaokha. Yogati ikagwira, masupuni angapo apatulidwe n'kusungidwa mufiriji kuti adzakhale mbewu ya ulendo wotsatira.

Gawo lachiwiri: kusefa

Nsalu yosefera ikhale yoyera, ya thonje, yosachucha utoto, ndipo iwiritsidwe m'madzi isanagwiritsidwe ntchito. Iyalidwe pa sefa, sefayo ikhazikidwe pamwamba pa mbale yakuya, yogati ithiridwe, ndipo zonse zivundikiridwe kuopa ntchentche. Malo abwino osefera ndi mufiriji. Pakatha maola 4 mpaka 6 yogati imakhala itakhuthala, ndipo ikachezera usiku wonse imalimba kufikira supuni kuima yokha. Yofunika pa jele ndi imene yatsala gawo limodzi mwa magawo atatu a mkaka uja.

Madzi achikasu otsikira m'mbale asatayidwe, chifukwa ali ndi mchere wolimbitsa mafupa ndi mavitamini ena. Angathiridwe m'phala, angakandire ufa wa mandasi kapena chigumu, ndipo otsala angapatsidwe nkhumba. Banja limene lilibe ng'ombe lingathe kusefa yogati kapena chambiko cha m'sitolo mwa njira yomweyo.

Gawo lachitatu: kugwiritsa ndi jelatini

Zofunika ndi izi: makapu awiri a yogati yosefa, supuni yaikulu imodzi yosasefukira ya ufa wa jelatini, imene ndi magalamu pafupifupi 10, theka la kapu ya madzi owiritsa amene azizira, masupuni aakulu awiri kapena atatu a shuga, ndi kapu imodzi ya zipatso zakupsa zonyenyanyenya.

Jelatini awazidwe pamwamba pa madzi ozizirawo m'kambale, ndipo asiyidwe kwa mphindi zisanu kuti amwe madzi n'kufufuma. Akathiridwa mwachindunji m'madzi otentha amachita mibulu imene siisungunukanso. Akafufuma, kambaleko kakhazikidwe m'poto wa madzi otentha, shuga athiridwemo, ndipo zitakasidwe kufikira timibulu tonse titasowa. Jelatini asabwatitsidwe pamoto, chifukwa kuwira kumachepetsa mphamvu yake yogwira.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Jelatini wofunda akathiridwa kamodzin'kamodzi m'yogati yozizira kwambiri, amagwirana nthawi yomweyo n'kukhala tizingwe tonga mphira. Choyenera ndi kuitulutsa yogati mufiriji mphindi 20 ntchito isanayambe, kenaka kutapa masupuni awiri n'kusakaniza ndi jelatini, kuonjezanso awiri ena, ndipo pomaliza kuthira zonsezo m'mbale yaikulu ya yogati uku zikupukusidwa mwamphamvu. Jelatini asakhalenso wotentha kwambiri, chifukwa kutentha kumadula yogati n'kuilekanitsa ndi madzi ake. Zipatso zilowe pomalizira.

Zosakanizazo zigawidwe m'makapu asanu, zivundikiridwe, ndipo zikhale mufiriji kwa maola osachepera anayi. Kapu iliyonse imakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a mapuloteni, kuposa amene amapezeka m'dzira limodzi ndi theka.

Zipatso zimene zimakana jelatini

Nthochi, mapeyala ndi madzi a malalanje zimagwirizana bwino ndi chakudyachi. Ufa wa malambe umapereka kuwawasa kokoma pamodzi ndi vitamini C, ngakhale kuti umafuna kuonjezera shuga pang'ono. Koma chinanazi chosaphika ndi papaya wosaphika ndi adani a jelatini. M'chinanazi muli chinthu chotchedwa bromelain ndipo m'papaya muli papain, ndipo zonsezi zimaduladula mapuloteni. Ndi mphamvu yomweyo imene imafewetsa nyama yolimba ikakulungidwa m'masamba a papaya. Zipatsozi zikalowa zosaphika, jele sagwira ngakhale atagona mufiriji masiku awiri, ndipo yogati imatha kuyamba kuwawa. Mankhwala ake ndi kuziwiritsa kwa mphindi zisanu, chifukwa moto umapha mphamvu yodula ija, kenaka n'kuzisiya zizizire. Mabanja a ku Mulanje, kumene chinanazi chimapezeka chambiri, ayenera kusunga lamulo limeneli.

Jele wa m'mapaketi

M'magolosale ambiri jelatini wopanda kanthu ndi wosowa, koma mapaketi a jele ofiira, obiriwira ndi achikasu amapezeka. Nawonso amagwira ntchito: ufawo usungunulidwe m'madzi otentha monga mwa malangizo a papaketi, uzizire kufikira utangofunda, ndipo m'malo mwa madzi ozizira amene paketi yatchula muthiridwe yogati yosefa. Shuga asaonjezedwenso, pakuti gawo lalikulu la ufa wa m'paketimo ndi shuga kale, ndipo chotsalacho ndi jelatini pang'ono, utoto ndi fungo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: jele wa paketi wopangidwa ndi madzi okha amakopa maso a ana, koma sawapatsa chomanga thupi chokwanira. Yogati ndiyo imamusandutsa chakudya.

Kusunga ndi kusamala

Chakudyachi chimadalira kuzizira. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala jele sangagwire kunja kwa firiji, ndipo wogwira kale amayamba kusungunuka akakhalitsa patebulo. Mufiriji ya madigiri 5 kapena kucheperapo angasungidwe masiku atatu. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali n'kupezeka kuti jele wafunda, wachita thovu kapena wasintha fungo, atayidwe mosanyinyirika, pakuti mtengo wa mkaka sungafanane ndi wa mwana wotsegula m'mimba. Asaikidwenso mbali youmitsa ya firiji, chifukwa akasungunuka amalekana ndi madzi.

Banja lopanda firiji lisadandaule. Lingasefe yogati kwa maola ochepa pamalo ozizira m'nyumba, n'kuisakaniza ndi nthochi kapena malambe ndi kudya tsiku lomwelo. Mapuloteni ake ndi omwewo, chosowa ndi kunjenjemera kokha.

Za ana aang'ono

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuyamwa bere lokha. Akapitirira msinkhu umenewu angalawe yogati yopanda shuga yosakaniza ndi nthochi, uku akuyamwabe. Uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi, ndipo jele wa shuga ndi bwino adikire mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Anthu a matenda a shuga angadye wopangidwa ndi jelatini wopanda kanthu, wosathira shuga ndi wa zipatso zochepa. Tiyeneranso kunena kuti m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, chakudyachi chikuimira awiri okha, la zochokera ku nyama ndi la zipatso. Choncho ndi choonjezera pa nsima, ndiwo zamasamba, nyemba ndi zamafuta, osati cholowa m'malo mwake.

Kwa ofuna kugulitsa

Magulu a amayi ndi achinyamata okhala pafupi ndi misika ya magetsi angaone mwayi wa malonda pa timakapu ta jele wa yogati. Asanayambe, ayenera kuwerengera mtengo wa mkaka, jelatini, makapu, nkhuni ndi magetsi, pokumbukira kuti lita imodzi ndi theka imabala makapu asanu okha. Ayeneranso kukaonana ndi ofesi ya zaumoyo ya khonsolo kuti malo awo ayenderedwe ndi kuti apeze chilolezo, ndipo ofuna kuika malonda awo m'masitolo afunika chiphaso cha bungwe la Malawi Bureau of Standards. Mkaka ndi chakudya chosachedwa kuonongeka, ndipo gulu limene ladwalitsa ogula kamodzi limavutika kubwezeretsa mbiri yake. Poyambira pabwino ndi pakhomo, ndi poto mmodzi ndi nsalu imodzi yoyera, kufikira dzanja litazolowera.