Kubwera Cimanjamanja ku Uzimba

Inu omvera a ku migodi ndi m'matauni, mvula yoyamba ya November ikagwa ku Chipata, nthawi ya uzimba yatha. Udzu uphuka, nyama zimwazikana popeza madzi ali ponseponse, ndipo mlenje asiya uta natenga khasu. Ambiri afika tsikulo osapha ngakhale gwape mmodzi.

Akale anali kunena kuti mlenje wotere ali ndi tsoka, kapena kuti mkazi wace sanadzisunge. Koma cifukwa ceniceni ciri poyera. Nkhalango zasanduka minda ya fodya ndi thonje, mitengo yatha ndi makala, ndipo misampha ya waya ipha ndi zabere zomwe. Gwape abala mwana mmodzi yekha. Akafa mace, afa awiri.

Kumene nyama zinalekedwa, ziripobe. Mu 1950 Mfumu Nsefu, pomvana ndi Norman Carr, anapatula gawo la dziko lace ku Luangwa, ndipo nswala zicuruka komweko kufikira lero.

Kusaka kopanda laisensi ndi mlandu. Tsono mbale wanu akalemba kalata kuti sanaphe kanthu, musamseke: gwape amene anampulumuka ndiye adzabala caka ca mawa.