Luso limawoloka Beitbridge, zaka zimatsala

Fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma, amisiri a magetsi a kwa Kapelula sapuma. Mlimi amene walandira ndalama za mabelo amayamba wagula malata, kenako sola ndi batire. Wokhala pafupi ndi mapolo a MAREP amafuna nyumba yake iikidwiretu mawaya, ndipo mwini chigayo mota ikangopsa amatuma njinga yamoto usiku womwewo. Msika ukatsekedwa ntchito imauma mpaka chaka chamawa. N'chifukwa chake anyamata ambiri a ntchitoyi maso awo ali ku Lilongwe, ku Chipata, makamaka ku Joni.

Ochepa mwa iwo anadutsa kusukulu za ntchito zamanja monga Namitete, Salima, Mzuzu kapena Lilongwe Technical, pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Kumeneko wophunzira amakhala miyezi ina m'kalasi, ina kukampani, ntchito iliyonse ikulembedwa m'buku lomwe womuyang'anira amasainira. Ena anayesedwa Trade Test ya unduna wa zantchito, kuyambira Giredi 3 kukwera mpaka Giredi 1. Koma ambiri anaphunzira posenza makwerero a munthu. Chaka choyamba mnyamata amangogoba khoma ndi tchizulo, kuika mapaipi, kukoka waya wofiira ndi wakuda abwana akukankha mbali inayo. Amakumba dzenje la efi, kukhoma ndodo yake, kuthiramo makala ndi mchere. Tsiku limene abwana adzamusiyira tesita kuti agunditse pasoketi, chala chachikulu chili pamwamba, n'kuona kanyali kofiira kakuyaka, amadziwa kuti wakula. Luso lotere si lachilendo kuno: William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga magetsi a mphepo ali ndi zaka 14, mphunzitsi wake ali buku la mulaibulale.

Vuto limayambira konkuno, munthu asanaone n'komwe chipata cha Dedza kapena Mwanza. ESCOM silumikiza nyumba popanda saini ya mmisiri wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta lomwe linabwera ndi lamulo la 2004. Ndiye mmisiri wopanda chiphaso amagwira ntchito yonse, kenako n'kupita kuboma kukalipira mnzake wachiphaso kuti asaine. Nyumba yayaka, mwini wake wakondwa, koma pamapepala ntchitoyo ndi ya munthu amene mwina sanapondeko n'komwe. Zaka zisanu ndi chimodzi zotere zimafanana ndi za tenanti paesiteti: thukuta ndi lake, koma dzina lolembedwa pabelo ndi la wina.

Akafika ku Johannesburg amapeza kuti moto wake ndi womwewo, mavoti 230, koma zina zonse zasintha, kuyambira pulagi yomwe: kwathu ya mano atatu amakona monga ku Britain, kumeneko ya mano ozungulira. Malamulo a kaikidwe ka mawaya ali m'buku lawo la SANS 10142-1, ndipo ntchito ikatha pamafunika chikalata chomwe amachitcha CoC, chotsimikizira kuti zonse zili bwino. Ngakhale wogulitsa nyumba amafunsidwa chikalatachi. Wosaina ayenera kukhala wolembetsedwa ku unduna wa zantchito wa dzikolo, ndipo njira yofikira pamenepo ndi yaitali. Satifiketi ya ku Malawi imayamba yapita ku SAQA kuti aone kuti ikufanana ndi iti ya kwawo. Pali mayeso a ntchito yamanja, monga amene amachitikira ku INDLELA ku Olifantsfontein, omwe wopambana amalandira satifiketi yotchuka ija ya Red Seal. Palinso mayeso ena a malamulo a mawaya. Apa sitinatchule chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo, chomwe paokha ndi mutu wina.

Khomo la munthu wophunzira pamanja lilipo ndithu kumeneko, amalitcha ARPL, koma limafunsa chinthu chimene mnyamata wa kwa Kapelula alibe: makalata a amene anamulemba ntchito, onena kuti anayamba liti, analeka liti, ankagwira zotani. Popanda zimenezo, munthu amene anaika mawaya m'matchalitchi ndi m'zigayo amabwerera kogoba khoma, malipiro ake a wothandizira, ntchito yake ikusainidwanso ndi wina.

Sikuti ndi nkhanza za dziko limodzi. Ku America wophunzira ntchitoyi amafunika maola pafupifupi 8,000, ndipo akasamuka chigawo, cha kumene wapitako chimawerenganso maolawo mwa malamulo ake. Waya wolumikizidwa molakwa amapsereza nyumba, choncho kufunsa umboni n'koyenera. Chondidandaulitsa n'choti maiko a SADC anasainira pangano la zamaphunziro mu 1997, ku Blantyre konkuno, lomwe mwa zina linkafuna kuti masatifiketi azizindikirika m'maiko onse, koma mpaka pano mmisiri aliyense amayenda yekha ndi envulopu yake, ofesi ndi ofesi, ndalama zotuluka m'thumba mwake.

Amene akuganiza zokwera basi angachite bwino kuyamba wakhoza mayeso a kuno, pakuti TEVETA nayo ili ndi njira yoyesera amene anaphunzira ntchito popanda kupita kusukulu. Kalata ya abwana aitenge abwanawo akadali moyo komanso asanayambane, ikhale ndi masiku, mtundu wa ntchito, nambala ya foni ndi chidindo. Pachidindo m'pamene ambiri amagwa mphwayi, chifukwa abwana amene anawaphunzitsa, odziwa ntchito kuposa wina aliyense m'deralo, nawonso amakasainitsa kwa wina kuboma.